Rosita ya pa filing'i: masamu, tulo ndi maliro

Ndimayang'anira anzanga pa malo ena omwetsera mafuta m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Ntcheu, ndipo pa filing'i pathu sititseka. Usiku wonse mathiraki a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe amadutsa, mabasi a usiku amaima, ndipo kukamacha okapikula kabichi ndi mbatata ya kachewere ku Lizulu ndi ku Tsangano amakhala ali kale pa msewu. Ntchito zanga zambiri ndi za manambala: kuwerenga mamita a mapampu, kudipa mathanki, kulandira thankala, kutseka buku la ndalama. Zimenezo sizipweteketsa mutu, nambala ikagwirizana yagwirizana. Chimene chimandidanitsa ndi anthu ndi pepala limodzi lokha, rosita ya mashifiti, losonyeza amene alowe m'mawa, amene alowe masana, amene ali pa naiti ndi amene ali pa ofu. Munthu atha kukukhululukira utamukalipira pagulu, koma osati utamuika pa naiti ya Khirisimasi zaka ziwiri zotsatizana.

Anzanga amene amalemba mapepala oterewa, kaya ku resitihausi, ku bekale, ku wodi ya chipatala kapena ku kampani ya alonda, ambiri amayamba ndi funso loti, "Ndili ndi anthu angati, ndiwagawe bwanji?" Kwa ine funso limenelo limabwera pambuyo. Loyamba ndi loti ntchitoyi payokha ikufuna anthu angati, ndipo tsiku limene mmodzi sadzabwera tidzatani. Tsikulo lidzafika basi. Mwana adzatentha thupi usiku, kumudzi kudzagwa zovuta, mvula yobzalira idzagwa ndipo mbewu sidikira kuti munthu aweruke. Rosita imene imayenda pokhapokha aliyense akabwera sichedwa kudzadza ndi zofufuta.

Masamu ake ndi awa, ndipo eni mabizinesi ambiri sakondwera nawo. Sabata ili ndi maola 168. Lamulo lathu la zantchito, Employment Act ya 2000, limati munthu asagwire maola opitirira 48 pa sabata, osawerengera ovataimu, ndipo wa mashifiti kapena mlonda asapitirire maola 8 pa tsiku. Limatinso munthu asagwire masiku opitirira 6 otsatizana osapuma maola 24 athunthu. Malire amenewa sanayambire kuno. Bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO litangokhazikitsidwa mu 1919, pangano lake loyamba linali la maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata m'mafakitale. Tsono gawani 168 ndi 48, mupeza 3 ndi theka. Ndiye kuti pampu imodzi imene siyenera kusowa munthu usana ndi usiku imafuna anthu atatu ndi theka, ndipo poti theka la munthu sililembedwa ntchito, ndi anayi. Anayiwo akagawana maola 168, aliyense amagwira 42.

Apo tchuthi sitinachiwerengere. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pa chaka, wa masiku 5 ali ndi 15. Mayi akachira ali ndi masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Mukakhala ndi anthu 12, tchuthi chokha chimadya masiku 216 pa chaka. Mukaphatikizapo matenda ndi maliro, imeneyo ndi ntchito ya munthu wathunthu, ndipo munthuyo ayenera kukhalapo pa ndandanda, wa nambala 13, woloweza anzake. Akasowa, masiku 216 aja sachoka ayi, amangogwera otsalawo.

Abwana ena akamva zoti anayi amadumpha. "Awiri sangakwanitse? Wina usana, wina usiku." Angakwanitse, inde, kwa kanthawi. Koma maola 12 kwa masiku 7 ndi maola 84 pa sabata. Kuli ngati kuphika nsima ya anthu anayi ndi ufa wa awiri: madzi mutha kuonjezera, koma chimene mupakule ndi phala. Ndipo ndalama imene mukuti mwapulumutsayo imatulukira kwina. Ovataimu ya tsiku wamba lamulo limati ola lililonse lilipidwe ngati ola ndi theka, ya tsiku la ofu kapena la holide ilipidwe kawiri. Osalipira amadzakumana nazo ku ofesi ya zantchito pa boma kapena ku khoti la zantchito, Industrial Relations Court, munthu akachotsedwa n'kukawerengetsa maola ake onse a m'mbuyo. Zisanafike n'komwe kumeneko, pa filing'i kutopa kumaonekera m'buku. Chenji choperekedwa kawiri. Meseji ya Airtel Money kapena Mpamba imene atendanti anangoiona pa foni ya kasitomala osadikira kuti ilowe pa foni ya pa ntchito. Choopsa koposa, petulo wothiridwa mu galimoto ya dizilo. Zikatero timati munthuyu ndi wosasamala, timamudula shoti pa malipiro, koma mukayang'ana pa khoma mupeza kuti watha sabata yathunthu ali pa naiti.

Nkhani ya tulo ndiikambe mofatsa, chifukwa ambiri mwa ife olemba rosita timagona kunyumba usiku uliwonse ndipo timaiiwala. Thupi lili ndi wotchi yakeyake imene imatsata kuwala kwa dzuwa. Si zongokamba: mphoto ya Nobel ya zamankhwala ya 2017 inapita kwa Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young chifukwa chofotokoza mmene wotchi imeneyi imayendera. Cha pakati pa 2 koloko ndi 5 koloko m'bandakucha thupi limazizira, mutu umalemera, manja amachedwa, ngakhale munthuyo atagonako masana. Ndipo kugona masana kwa kuno mukukudziwa. Nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala, chigayo chili pafupi, ana aweruka ku sukulu, wailesi ya aneba, kenako mlendo wagogoda n'kumafunsa kuti, "Mwangogona masanasana, simukupeza bwino?" Wa naiti akapeza maola anayi kapena asanu a tulo wachita mwayi. Mayi wa naiti ndiye nthawi zambiri sawapeza n'komwe, poti akafika pakhomo madzi, zochapa ndi zophika zimakhala zikumudikira. Ofufuza a ku Australia anasonyeza mu 1997 kuti munthu amene watha maola 17 ali maso amachita zinthu mofanana ndi amene wamwako mowa. Palibe bwana angalole atendanti wonunkha mowa kugwira pampu ya petulo. Wa maola 17 timamulola, ndipo timamuyamikira kuti ndi wolimbikira.

Dongosolo limene tikutsata pathu pano ndi la magulu anayi. Gulu lililonse limalowa m'mawa masiku awiri, kuyambira 6 koloko mpaka 2 koloko masana. Kenako masana masiku awiri, 2 koloko mpaka 10 koloko usiku. Kenako naiti ziwiri, 10 koloko mpaka 6 koloko m'mawa, n'kupita pa ofu masiku awiri. Akatha masiku 8 amenewa amayambiranso. Sindinalitulukire ine, ndi dongosolo lakale la m'mafakitale osazimitsa makina.

Chimene ndimalikondera n'choti limayenda mbali imene dzuwa likupita: m'mawa, masana, usiku. Thupi limalolera kugona mochedwerako kusiyana ndi kulikakamiza kugona msanga. Woweruka 2 koloko masana tsiku lake lachiwiri amadzalowanso 2 koloko ya mawa lake, maola 24 ali pakhomo. Chimodzimodzi pochoka masana kupita pa naiti. Mukalitembenuza, muona munthu akuweruka 10 koloko usiku n'kuyenera kulowanso 6 koloko m'mawa. Pa pepala ndi maola 8 opuma, koma muchotsepo ulendo wopita ndi wobwera, kusamba, kudya, atsala ndi angati? Maiko a mu European Union anaika lamulo loti wantchito azipuma maola 11 otsatizana pa maola 24 alionse. Nambala imeneyo ndinaibwereka, ndipo rosita iliyonse ndisanaimate ndimayendetsa chala mzere uliwonse kufufuza pamene yathyoka.

Ubwino wina ndi wa masamu okhaokha. Poti dongosololi ndi la masiku 8 pamene sabata ndi ya masiku 7, ofu ya munthu imasuntha ndi tsiku limodzi ulendo uliwonse. Pa masabata 8, aliyense amapuma Lamulungu kawiri, ndipo kamodzi amapuma Loweruka ndi Lamulungu motsatizana. Palibe amene angati masiku abwino amapita kwa okondedwa a supa, chifukwa kalendala ndi imene ikugawa.

Koma lili ndi zowawa zake, ndisaname. Munthu alibe tsiku lokhazikika. Amayi a banki m'khonde amakumana tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, kwaya nayo ili ndi tsiku lake, mnyamata wophunzira sukulu ya Loweruka amaphonya makalasi ena. Ndipo pali anyamata amene amandiuza poyera kuti iwo akanakonda maola 12 kuti ofu italike, akathe kupita kumunda ku Bawi kapena ku Nsipe n'kugwira ntchito yooneka. Ndimawamvetsa, koma pa pampu ndimakana. Ola la 11 ndi la 12 munthu ataimirira pa simenti akupuma fungo la petulo ndi pamene ndalama zimasokonekera, ndipo ofu yaitali ija imathera pa khasu, munthu n'kubwerera ku ntchito atatopa kuposa mmene anachokera.

Palinso chimene olemba madongosolo amenewa kunjako sankachiganizira: 10 koloko usiku ya ku Ntcheu. Maminibasi asiya kuyenda, a kabaza otsala akutchula mtengo umene afuna, ndipo anzanga ambiri amachita lendi kumene nyumba n'zotchipa, kamtunda ndithu, m'njira zopanda magetsi. Mtsikana wina atangoyamba ntchito anandipeza mu ofesi, chikwama atachikumbatira pa chifuwa.

"A supa, ntchito ndikuifuna. Koma yoweruka 10 koloko ija amayi akuti ayi. Njira ya kwathu imadutsa pa bala, kenako pa manda."

Ndinamufunsa kuti nanga naiti bwanji.

"Naiti ilibe vuto. Bola ndizibwera kukadali kowala, ndizidikira pompano."

Njira yachidule inali yomuchotsa pa masana ndi pa naiti, n'kumamuika m'mawa mokhamokha. Ambiri amatero ndi atsikana onse, ndipo amaona ngati ndi chifundo. Zotsatira zake ndaziona kwina: anyamata amayamba kung'ung'udza kuti malipiro ndi amodzi koma usiku ndi wawo okha, ndipo ulendo wina polemba anthu bwana amangoti tilembe amuna. Ife tinakonza kachipinda ka kuseri, tinaikamo matilesi ndi loko wa mkati, kuti wofika msanga kapena woopa kuyenda agone pomwepo. Tinagwirizananso ndi wa njinga yamoto mmodzi wodziwika bwino, amene amalipidwa pa mwezi, kuti azitula oweruka usiku. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi yophunzitsa munthu watsopano miyezi ingapo iliyonse.

Magulu anayi aja ndi poyambira chabe, chifukwa msewu subweretsa anthu mofanana ola lililonse. Kuti mudziwe pofunika kuonjezera manja, werengani makasitomala, osati makwacha. Thiraki imodzi ya usiku imatha kusiya ndalama yoposa ya njinga zamoto zonse za m'mawa, koma thirakiyo imafuna munthu mmodzi ndi lisiti limodzi. A kabaza amabwera khumi pakamodzi, aliyense lita imodzi, aliyense akufuna chenji, wina akulipira pa foni netiweki ikuvuta. Titalemba chiwerengero cha ola ndi ola kwa mwezi wathunthu tinaona kuti pothina ndi m'mamawa ndi madzulo dzuwa likamapendeka, pamene pakati pa usiku anthu awiri ndi mlonda amakwana. Ndiye tili ndi anthu ena amene sali m'gulu lililonse, amene maola awo amagwera pothina pamenepo. Chimene sindichita ndi kudula shifiti pakati, kuti munthu abwere m'mawa, apite kunyumba, abwerenso madzulo. Pa pepala ndi maola 8, koma tsiku lake lonse mwamulanda, ndipo thiransipoti walipira kawiri.

Kalendala nayo ndimaiyala pambali ndisanalembe dzina ngakhale limodzi. Kumapeto kwa mwezi, Lachisanu madzulo, masiku a msika m'matawuni a m'mbali mwa msewu, sabata yotsegulira sukulu. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, anthu a m'tauni amakhamukira kumudzi. Nthawi ya Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo magalimoto amachuluka, ndipo theka la anzanga nawo amafuna akaone ngoma. Zimenezi sizidzidzimutsa, zimadziwika chaka chisanayambe.

Za mapemphero anthu amaziona ngati vuto, koma kwa wolemba rosita ndi thandizo. Kuno a Seventh-day Adventist ndi ambiri, makamaka cha ku Mlangeni kumene kuli mishoni yawo ya Lake View. Sabata lawo limayamba Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, ndipo Lamulungu amagwira ntchito ndi mtima wonse. Wa CCAP ndi wa Katolika akufuna Lamulungu m'mawa. Msilamu akupempha maola ochepa a Lachisanu masana, ndi tsiku la Eid, ndipo Khirisimasi salimbana nayo. Mukawasakaniza bwino m'magulu, amasinthana okha popanda supa kulowererapo. Mukaunjika a mpingo umodzi m'gulu limodzi, mwadzipalira nokha.

Kusinthana ndimakulola, ndipo rosita yoletsa kusinthana imangophunzitsa anthu kunama kuti akudwala. Koma kuli ndi buku lake. Onse awiri amasaina, ine ndimaona ngati maola 11 aja ndi masiku 6 aja sakuthyoka, ndipo ngongole ya shifiti imabwezedwa ndi shifiti mwezi womwewo. Kugulitsana shifiti ndi ndalama ndimakana. Kumayamba bwinobwino, mnyamata wofuna ya lendi akutenga naiti ya mnzake, kenako ya wina, kenako mupeza kuti amene ali pa pampu usiku wonse wa sabatayo ndi yemwe yemweyo, pamene pa khoma palembedwa maina anayi osiyana.

Tsono maliro.

Foni imalira cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. "A supa, pepani ndakudzutsani. Kwathu ku Kasinje kwagwa zovuta, amalume atisiya." Pamenepo palibe zofunsa kalata ya amfumu kapena kumukumbutsa kuti ali pa shifiti ya 6 koloko. Yankho ndi limodzi: "Pepani kwambiri achimwene. Nyamukani, muyende bwino. Mudzatiuze za mwambo." Aliyense wokulira kuno akudziwa chimene chimachitikira munthu wosaoneka pa maliro a anzake. Tsiku likadzamugwera, adzukulu amakhala pansi, makasu ali poteropo, mpaka nkhani ikambidwe kwa amfumu. Ntchito ya pa filing'i ikhoza kutha chaka chamawa, mudzi sutha. Wantchito wanu akasankha maliro sikuti wakupeputsani.

Ndiye ndikaika foni pansi, payenera kukhala dzina loti ndiimbire, ndipo mwini dzinalo ayenera kukhala akudziwa kale kuti lero angaitanidwe. Pa rosita yathu tsiku lililonse pali dzina limodzi la gulu la pa ofu limene lili ndi kanyenyezi. Limachokera kwa amene ali pa ofu yachiwiri, osati amene angotuluka kumene pa naiti. Wa kanyenyezi samwa, sapita kutali, foni imakhala yoyatsa, ndipo akaitanidwa amalandira kawiri monga lamulo linenera, n'kupatsidwa tsiku lina lopuma. Kanyenyezi kamazungulira, sikakhala pa munthu mmodzi. Popanda dongosolo limeneli, supa aliyense amaimbira munthu yemweyo amene sakana, wofatsa uja wokhala pafupi, mpaka tsiku lina wofatsayo amabweretsa kalata yosiya ntchito aliyense n'kudabwa.

Alipo ochenjera, inde. Amalume ena amamwalira kawiri. N'chifukwa chake buku limalemba tsiku, mudzi ndi ubale, ndipo munthu akafika pa agogo aakazi achitatu timakhala pansi n'kucheza. Koma otere ndi ochepa, ndipo sindingamange dongosolo lonse pa kukaikira. Zovuta zikagwera mnzathu wa pa ntchito pomwe pano, onse amafuna kupita. Tinagwirizana kuti gulu la pa ofu ndi limene limatiimira, limanyamula chipepeso chathu, ndipo oweruka m'mawa amakagona nawo pa siwa ngati ndi pafupi.

Tchuthi cha pachaka chilibe zambiri. Aliyense amachifuna nthawi yobzala ndi yokolola. Timasankha mu Januwale, awiri a gulu limodzi sachoka pamodzi, ndipo amene anasankha koyamba chaka chatha chaka chino amasankha komaliza.

Chimene chimaononga rosita kuposa masamu olakwika ndi kukondera, kapena kungoganiziridwa kuti ukukondera. Pepala limeneli lili ndi mphamvu, ndipo tisabise, ena amaligwiritsa ntchito moipa. Wakuyankha mwano, naiti. Wakugulira fanta, Lamulungu. Ndipo atsikana ambiri ogwira m'malo ngati athu akhoza kukuuzani za supa amene anawauza kuti shifiti yabwino ili ndi mtengo wake, mtengo wosatchulika pagulu. Mankhwala amene ndikuwadziwa ndi kuika zonse poyera. Rosita imamatidwa pa khoma masabata awiri mwezi usanayambe, yolembedwa ndi bolopeni, ndipo chithunzi chake chimapita pa gulu lathu la WhatsApp. Chosintha chilichonse chimakhala ndi siginecha ndi tsiku. Kumapeto kwa buku kuli tsamba la amene anagwira Khirisimasi, Nyuwere, Isitala ndi 6 Julayi chaka chilichonse, ndi chiwerengero cha naiti ndi Malamulungu a munthu aliyense. Wofuna kuona amatsegula yekha osapempha. Wolakwa amalangidwa ndi kalata ya chenjezo, osati ndi shifiti. Naiti ikasanduka chilango, ndiye kuti amene ali pa naiti mwa dongosolo mukuwauza kuti nawonso ndi olangidwa.

Posakaniza anthu, atsopano awiri sindiwasiya okha usiku. Komanso anthu awiri omwewo sindiwasiya limodzi chaka chathunthu. Kuzolowerana n'kwabwino, koma pamene pali ndalama kumafika poti wina akaona, amayang'ana kumbali.

Mphindi 15 za handova, zosiyirana ntchito pakati pa wotuluka ndi wolowa, timazilemba pa rosita ndipo zimalipidwa. Mu Juni, 6 koloko isanakwane, chifunga chili tolo kuchokera ku mapiri, wa naiti ali mu jekete ziwiri ndi chipewa cha ulusi, wa m'mawa wafika akupuma utsi. Amaima onse awiri pa pampu, wina akuunika ndi tochi ya foni, wina akutchula manambala a mita mokweza, n'kulemba, n'kusaina onse. Amawerengera limodzi ndalama ya chenji, kenako wotuluka amanena zimene buku silinena: nozo ya pampu yachiwiri ikudontha, thiraki yoima kuseri ija dalaivala wake walipira kale, jenereta yatsala ndi mafuta ochepa ndiye magetsi a ESCOM akazima musadabwe. Kumene mphindi zimenezi sizilipidwa, wotuluka amathamanga, wolowa amasaina osawerenga, ndipo shoti ikapezeka madzulo palibe angadziwe kuti ndi ya ndani. Amadulidwa onse awiri, n'kusiya kulankhulana.

Nthawi imene dongosolo lonseli linagwedezeka ndi ya kusowa kwa mafuta, mu 2022, mu 2023 ndi kumapeto kwa 2024. Masiku angapo mapampu ali gwa, anthu akungosesa ndi kucheza, kenako thankala n'kufika usiku mzere wa magalimoto utafika kutali, a njinga zamoto atazinga pampu, a zigubu akukankhana ngakhale a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, analetsa. Palibe rosita ya pa khoma imene ingapirire zimenezo. Chimene chinatithandiza ndi kupumitsa anthu masiku ouma, malipiro osadula, pogwirizana kuti thankala ikafika tiitanana. Pa pampu tinkasinthana pafupipafupi, chifukwa munthu wotukwanidwa maola atatu osalekeza amayamba kubweza, komanso woima malo amodzi nthawi yaitali ndi amene a zigubu amamupeza ndi kangachepe. Mafuta akatha tinkalemba maola a aliyense tsiku lomwelo, tisanaiwale.

Pali anthu awiri pa filing'i pathu amene rosita yanga siwakhudza: alonda. Iwo ndi a kampani ina imene inapatsidwa kontirakiti, ndipo amalowa 6 koloko madzulo kutuluka 6 koloko m'mawa. Mmodzi ndi bambo wachikulire amene tonse timangowatchula kuti madala. Nditawafunsa kuti ofu yawo imakhala liti, anaseka. "Ofu, mwana wanga? Ndikadwala ndiye ofu imeneyo, ndipo amadula." Masana amalima dimba. Maola 84 aja ndi awo, sabata ndi sabata, ndipo ndi iwo amene tikuwadalira kuti akhale maso 3 koloko ya usiku pamene ndalama ya tsiku lonse ili mu sefa. Lamulo la maola 8 limatchula mlonda mwachindunji, koma makampani a alonda amapikisana pa kutchipa, ndipo wolemba kampaniyo amasankha yotchipayo osafunsa kuti alonda ake ndi angati.

Chimene ndakwanitsa ndi chochepa: a naiti amawapatsa tiyi, ndipo pakati pa usiku amawalola kukhala pansi mu kachipinda kaja kwa theka la ola atendanti mmodzi akuyang'ana kunja. Nkhani yeniyeni ndinaitula kwa abwana, ndi masamu omwe aja a 168, kuti kontirakiti yotsatira idzanene chiwerengero cha alonda ndi masiku awo opuma, ngakhale mtengo ukwere. Anandiyankha kuti tidzaiona kontirakiti ya panoyi ikatha mu Juni, ndipo anandiuza kuti ndipezeretu mitengo ya makampani ena atatu.